Talankhula, Amayi

Padali kalipentala wina, a Mwale, amene ankakhala m'komboni ya George, kumadzulo kwa Lusaka. Kwawo kudali ku Katete, koma adabwera m'tauni ali mnyamata, nagwira ntchito kwa akalipentala ena zaka zambiri kufikira atagula zida zawozawo: sowo, pulena, nyundo ziwiri, ndi makina a magetsi opalira matabwa amene usiku ankagona kunsi kwa bedi. Ku George ndi ku Matero ankatchuka ndi zitseko. Chitseko cha a Mwale sichinkakhula pansi ngakhale mu February, pamene zitseko za ena zimatupa ndi chinyezi n'kukana kutsekeka. Ankagwira ntchito ndi Dalitso, mwana wa mlongo wawo, mnyamata wa zaka 17 amene adakamtenga kumudzi kuti aphunzire luso.

Chaka cha 2024 chidawawa. Mvula idadula chimanga chisanabereke, ndipo pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema adalengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Madzi ku Kariba adatsika, ZESCO idayamba kugawa magetsi mwa maola, thumba la ufa woyera la makilogalamu 25 lidapitirira K300. Munthu amene akuwerengetsa ndalama ya ufa sagula kabati. Pofika mu June, a Mwale adali ndi ngongole ya lendi ya miyezi itatu, kuphatikizapo kaloba amene adatenga kwa mayi wina wa pamsika pamene mwana wawo Misozi adadwala. Kalobayo ankabereka mwezi ndi mwezi.

M'mawa uliwonse, kusanayere bwino, anthu a ku George, Matero ndi Kanyama amatsetsereka wapansi kulowera ku Heavy Industrial Area, ena atavala kale maovolosi, ena atanyamula nsima ya dzulo m'kontena. Msewu wa Mungwi umadzaza ndi malole, fungo la chimera limatuluka ku Zambian Breweries, fumbi silikhazikika mpaka usiku. M'kanjira kena kopatuka mumsewu umenewu mudali fakitale yaing'ono ya chiponde. Eni ake adali Mayi Daka, amene adayamba ndi kukazinga mtedza pa mbaula ku Matero, koma tsopano ankaitanitsa matumba a Chalimbana kuchokera ku Chipata ndi ku Petauke, ndipo adalemba ntchito anthu oposa 20. Sadali ankhanza. Malipiro ankapereka pa tsiku lake. Kungoti sankakonda nkhani zazitali, ndipo antchito awo adazolowera kuwayankha mwachidule.

Kuseri kwa ofesi yawo kudali makina awiri a eyakoni, aja amakhala panja, aakulu ofika m'chiuno mwa munthu, okhala ndi fani pamwamba. Amodzi ankaziziritsa ofesi. Enawo adali a chipinda chosungiramo chiponde chothira kale m'mabotolo, kuti mafuta ake asayambe fungo ndi kutentha. Pansi pa nyumbayo adakwezapo kuti malole azitsitsa matumba mosavuta, motero khomo lakuseri lidali m'mwamba, ndipo wolitsegula ankayamba kuona makinawo pansi pake, mapaipi, mawaya ndi madzi odontha. Mayi Daka ankayembekezera alendo a m'masitolo akuluakulu, anthu amene akakonda katundu wako amamuyala m'mashelefu a dziko lonse. Adafuna khonde la matabwa lolingana ndi khomolo, loti aikepo tebulo ndi mipando, makinawo abisike kunsi. Mlonda wa pafakitalepo, a Sakala, ankakhala moyandikana ndi a Mwale ku George, ndipo ndiwo adatchula dzina lawo.

Tsiku lokapima, a Mwale ndi Dalitso adapeza mnyamata atagwada pa makinawo, akutsuka timalata take topyapyala ndi burashi ndi madzi. Ameneyu adali Yotamu wa ku Kanyama, wokonza mafiriji ndi maeyakoni, mwini satifiketi ya TEVETA, amene ankayendera mafakitale angapo a mumsewuwo. Atalonjerana n'kudziwana, Yotamu adayang'ana tepi imene Dalitso ankaikoka pamwamba pa makinawo.

"Mukupima chiyani, ba Mwale?"

"Khonde. Amayi akufuna lidutse pamwamba pano."

"Pamwamba pa makina?"

"Eya. Litsala chikhatho chimodzi ndi theka. Sindiwakhudza ayi."

Yotamu adaimirira napukuta manja pa ovolosi. Sadayankhe msanga. Adagwira dzanja la Dalitso naliika pamwamba pa fani ya makina a chipinda cha chiponde. Mnyamatayo adalibweza modabwa, chifukwa mpweya wake udali wotentha, chikhalirecho kunja kudali mphepo yozizira ya June.

"Kutentha wakumvaku kwachokera m'chipinda umo," adatero Yotamu. "Eyakoni sipanga kuzizira. Imatola kutentha kwa mkati, gasi amakunyamula m'mapaipi awa, kompuresa imapanikiza gasiyo, ndiye fani imakutayira kumwamba. Makinawa amakoka mpweya m'mbali n'kuutulutsa pamwamba. Mukaika thabwa apa, mpweya wotenthawo ukagunda thabwa ubwerera, makina aukokanso womwewo. Zili ngati kumfunditsa munthu bulangete kumutu mu October, n'kumuuza kuti athamange."

"Nanga ndikasiya mipata pakati pa matabwa?"

"Mipata ya chala siithandiza. Opanga makina otere amafuna pamwamba pakhale poyera pafupifupi mita imodzi ndi theka, m'mbali mukhale malo oti mpweya ulowe, inenso ndilowe ndi zida. Njira zilipo. Khonde lipite mbali inayo. Kapena tisamutse makina, koma pamenepo pafunika mapaipi atsopano a kopa ndi gasi, ndalama zambiri ndithu. Mukamanga pano, mwezi uno simudzaona kanthu, pakuti kukuzizira. Vuto lidzabwera ndi dzuwa."

Tsikulo Mayi Daka adali atapita ku banki. Yotamu adali pa ulendo m'mawa mwake, kupita ku Solwezi kumene adapeza ntchito ya miyezi itatu. Adatulutsa foni m'thumba. "Ndiwaimbire, kapena muwauza inu?"

"Usavutike, mwana wanga. Ndiwauza ine mawa, popereka mtengo."

Ponena mawu amenewa a Mwale sankanama. Adaganizadi kuti awauza. Maganizo adasintha usiku, atakhala pakhomo ndi pensulo ndi kapepala, magetsi atazima m'komboni monse. Mbali inayo ya nyumba, imene Yotamu adaloza, idali pansi posalala. Kumeneko khonde la matabwa silikadafunika, Mayi Daka akadangoitana womanga kudzathira simenti n'kuikapo mipando. Kusamutsa makina kukadadya ndalama yonse ya khonde. Njira zonse za Yotamu zidali zabwino, koma mwa zonsezo mudalibe kalipentala. A Mwale adayang'ana kapepala kawo. Phindu lake lidali lendi yonse, kaloba yense, ndi thumba la ufa pamwamba. Adayamba kudziuza kuti anyamata a masatifiketi amakulitsa zinthu, kuti makina ndi chitsulo ndipo chitsulo sichitopa, kuti iwo adaitanidwira matabwa osati mapaipi. Pomaliza adanena mokweza, ngakhale padalibe wowafunsa: "Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

M'mawa Mayi Daka adawerenga kapepalako ataimirira, foni ili kukhutu. Adadula K500 pa mtengowo, a Mwale adavomera. Atatsegula kabati kuti atulutse theka la ndalama, adatembenuka.

"Paja mnyamata wa maeyakoni anali pano dzulo. Mwalankhula naye?"

"Talankhula, amayi."

"Chabwino."

Adawerenga ndalamazo nawapatsa. Dalitso adali pakhomo, tepi ili m'manja, ndipo adamva zonse.

Pa mawu awiriwo palibe limene lidali labodza, pakuti adalankhuladi. Ine bodza la mtundu uwu ndimaliopa kuposa lija lapoyera. Wonama poyera amadziwa chimene wachita, ndipo chikumbumtima chimamluma. Uyu amatenga mawu oona, n'kuwaika pamene akudziwa kuti mnzake awamva molakwika, kenako amapita kwawo akudziuza kuti pakamwa pake mpoyera.

Matabwa adakagula ku msika wa Buseko, paini wochokera ku Copperbelt kumene ZAFFICO ili ndi nkhalango zake, ndipo a Mwale adasankha lililonse ndi diso, kukana lopindika ndi la mfundo zambiri. Adachita hayala kanta kuwatutira ku fakitale. Ntchito idatenga masabata awiri, ndipo idali ntchito yokongola. Mizati idaima chilili, matabwa adagona molingana moti ndalama yachitsulo ikadagubuduka kuchokera kukhomo mpaka kumapeto osapunthwa. Mayi Daka ataona kuti makina akuonekerabe cham'mbali, adapempha kuti atsekenso m'mbalimo. A Mwale adatseka. Kakhomo kolowera kunsi sadaikepo, chifukwa misomali njotchipa kuposa mahinjesi, ndiponso kakhomo kakadabweretsa funso. Atapaka vanishi kawiri, khondelo lidawala mpaka antchito ankavula nsapato asanapondepo.

Lendi idalipidwa. Mayi wa kaloba adafafaniza dzina lawo m'buku. Misozi adavala nsapato zatsopano, ndipo usiku umenewo kunyumba kwa a Mwale kudanunkhira nyama. Dalitso yekha adadya pang'ono nati m'mimba simuli bwino.

Mu July alendo aja adabwera, adakhala pakhondepo, adamwa tiyi, adalawa chiponde, adasaina mapepala. Mayi Daka adatumizira a Mwale K200 pa foni, ya zikomo. Mu August mphepo idayamba, ija imanyamula fumbi ndi mapepala a pulasitiki m'misewu ya Lusaka. Makoko a mtedza ouluka kuchokera kokazingira ankalowa m'mipata ya matabwa, makina ankawakoka, ndipo ankamatirira pa timalata tija popanda wowaona. A Sakala, polondera usiku, adazindikira kuti mphaka wa pafakitale wasiya kugona pa matumba, akugona pakati pa khonde. Atagwirapo adapeza matabwa ali ofunda. Adamvanso kuti kulira kwa makinawo kwasintha: ankalira, n'kudukiza, n'kuyambanso movutikira. Atakumana ndi a Mwale panjira ya ku George adawauza.

"Anzanga, makina aja kunsi kwa khonde lanu akubuula."

"Ndi magetsi a masiku ano awa, a Sakala. Kuzimazima kotere chinthu chingalire bwino?"

Yankholo lidamveka, pakuti mu September magetsi ankasowa pafupifupi tsiku lonse m'madera ambiri, ndipo aliyense chikamufera ankaloza komweko. Fakitale inkayendera jenereta. Dizilo ankatha msanga kuposa kale, chifukwa kompuresa yopanikizika imakoka magetsi ambiri, koma palibe adalumikiza ziwirizi. Vanishi wa pakati pa khonde adayamba matuza. Matabwa atatu adapindika m'mphepete.

October adafika ndi dzuwa lake. Tsiku lina masana kudamveka fungo la waya wopsa, ndipo makina a chipinda cha chiponde adangoti zii. M'chipindamo mudali makatoni oyembekeza lole ya masitolo aja. Denga lidali la malata. Pomwe ankafunafuna wokonza, mafuta adayandama m'mabotolo, ena adachucha nanyowetsa mapepala a dzina, ndipo gawo lina la katunduyo lidakanidwa.

Yotamu adali atangobwerako ku Solwezi. Atafika ndi bokosi lake la zida adaima pakona ya nyumba osayenda, kuyang'ana khondelo. Adazungulira kufuna polowera, osapapeza. Adapempha chitsulo nazula matabwa awiri a m'mbali, ndipo mpweya umene udatulukamo udamubweza m'mbuyo. Adakwawa nalowa. Potuluka ovolosi idali itanyowa yonse, m'manja muli chibulumwa cha makoko ndi fumbi.

"Kompuresa yapsa, amayi. Inayonso yatsala pang'ono. Koma ine ndinanena."

"Unanena kwa yani?"

"Kwa akalipentala. Ndinati pano pasamangidwe."

"Ine ndinawafunsa pamaso, anati mwalankhula. Lero zinthu zaonongeka ndiye ukuti unakaniza? Mesa ndiwe unatsuka makinawa komaliza?"

Mayi Daka adali atataya ndalama zambiri sabata imeneyo, ndipo mtima udali m'mwamba. Komabe adafuna kumva mbali zonse. Pomwepo, Yotamu ali chiimire, adaimbira a Mwale. Ku George foni idalira pa benchi, pakati pa zipalapala za matabwa. A Mwale adaona dzina, adaiyang'ana mpaka idaleka. Idaliranso. Kachitatu adaizimitsa.

Kwa Mayi Daka nkhani idathera pomwepo. Adati bokosi la zida litsale mu ofesi kufikira Yotamu atabweza mtengo wa kompuresa. M'bokosimo mudali mageji, pampu yokokera mpweya m'mapaipi, zowotcherera kopa, zonse zimene adagula chimodzichimodzi kwa zaka zinayi. Mbiri simachedwa mumsewu umene oyang'anira mafakitale amadyera nsima malo amodzi. Isanathe sabata, mafakitale awiri adamuuza kuti asabwerenso.

A Sakala ndiwo adabweretsa nkhaniyi ku George. Adakhala pa mpando kunja kwa nyumba ya a Mwale madzulo, nasimba osakweza mawu, maso ali pansi. Adati mnyamatayo amabwera m'mawa uliwonse n'kukhala pa mwala pafupi ndi geti mpaka masana, kudikira kuti mwina amayi amumvera. Adati ndalama ya ku Solwezi ankafuna akwezere pansi pa nyumba yake mvula isanagwe, pakuti ku Kanyama mwala uli pafupi, madzi salowa pansi, ndipo chaka chilichonse amalowa m'nyumba za anthu. Adati mkazi wake ndi woyembekezera. Atatha adatsanzika, osafunsa funso lililonse.

Usiku umenewo Dalitso adatulutsa chikwama chake nayamba kupinda zovala.

"Ukupita kuti?"

"Ku Katete, amalume."

"Wakulakwira ndani?"

"Palibe. Koma dzanja limene anaika pa fani paja linali langa. Tsiku lina ndidzakumana naye mumsewu, adzandifunsa ngati ndinamva. Ndidzati chiyani? Ndikati sindinamve, ndanama. Ndikati ndinamva, ndagulitsa amalume anga. Bola ndikalime."

A Mwale adakalipa. Adati mwana wadya ufa wawo lero akuwaweruza, adati iwo sadaname, adafunsidwa ngati adalankhula ndipo adayankha zoona. Akazi awo, amene adali chete nthawi yonseyi akutsuka mbale, adaika mbale pansi.

"Atate ake Misozi, musakalipire mwana. Inu mwatchula ufa. Ine ndikufunsa: ufa tinadya uja unali wa yani? Ine ndinkayesa ndi wa thukuta lanu. Ngati unali wa mwana wa eni ake amene akukhala pa geti uja, mundiuze, ndidziwe chimene ndinadyetsa ana anga."

A Mwale sadayankhe. Adatuluka nakhala panja mpaka tambala woyamba. Chimene chidawasautsa kwambiri sichidali manyazi okha. Adawerenga mtengo wa kompuresa, adawerenga zimene ali nazo, ndipo adaona kuti akapita kukanena, abwerera pamene adali mu June, mwinanso pansi pake. Padalibe wowakakamiza. Foni ikadakhala yozima mwezi umodzi, nkhaniyo ikadazirala yokha.

Kutacha adadzutsa Dalitso. Adalowa m'chigulu cha anthu otsetsereka mumsewu wa Mungwi, atanyamula nyundo ndi chozulira misomali. Yotamu adali kale pa mwala wake. A Mwale adampatsa moni, iye adangowayang'ana. Adapempha a Sakala kuti amulowetse nayenso, ndipo onse adakaima kuseri kwa ofesi, pansi pa khondelo. Mayi Daka adatulukira pakhomo. Antchito ena adasiya matumba nayandikira. A Mwale adavula chipewa.

"Amayi, mu June munandifunsa ngati ndinalankhula ndi mnyamatayu. Ndinati talankhula. Tinalankhuladi, koma zimene ananena sindinakuuzeni. Anati pano pasamangidwe. Anati makina adzapsa dzuwa likadzafika. Anafuna kukuimbirani, ine ndinamletsa, ndinati ndikuuzani ndekha. Mwana uyu analipo. Foni yanu ija ndinaiona, ndinaizimitsa dala."

Mayi Daka adayang'ana Dalitso. Mnyamatayo adagwedeza mutu.

"Chifukwa chiyani, a Mwale? Munthu wamkulu ngati inu?"

"Lendi ndi kaloba, amayi. Ndinaona kuti ndikanena, ntchito ithawa."

Padapita nthawi asanayankhe. Pomwe adalankhula, mawu awo adali otsika.

"Ikanathawadi. Sindikunamizani. Mukanandiuza, ndikanathira simenti uko, inu mukanabwerera ku George chimanjamanja. Koma mukanabwerera ndi njala yanu yokha. Onani tsopano anthu amene mwawagawira." Adakhala chete pang'ono. "Inenso nambala ya mnyamatayu ndinali nayo m'foni. Ndinafunsa funso limodzi, yankho linandikomera, sindinafune lachiwiri."

Adatuma munthu kukatenga bokosi la zida. Adalipereka kwa Yotamu ndi manja awiri, pamaso pa antchito onse, nati: "Ndinakulakwira, mwana wanga. Ona ngati zonse zilimo." Tsiku lomwelo adaimbira mafakitale awiri aja. Imodzi idamuitananso. Inayo idali italemba kale munthu wina, ndipo ntchito imeneyo sidabwererenso.

Mlandu wa a Mwale adaugamula okha Mayi Daka, osapita nawo kupolisi. Khonde aligwetse ndi manja awo popanda malipiro, ndipo alipire theka la kompuresa. Za chiponde chokanidwa adati asenza okha. A Mwale adayamba pomwepo. Kuzula kudatenga masiku atatu, pakuti misomali adaikhoma bwino, ndipo ankafuna matabwa atuluke amoyo. Pomwe adafika pakati, pamwamba pa makina otsalawo, thukuta linkagwera m'maso, ndipo Dalitso ankawapatsira madzi kosalekeza. Thabwa lomaliza litachoka, Yotamu adatsuka timalata, nayatsa makinawo, naika geji. Muvi umene udali m'mwamba udatsika pang'onopang'ono kufika pamalo pake.

Ndalama ya kompuresa idachokera kunsi kwa bedi. Makina opalira matabwa aja adawagula kalipentala wina wa ku Kalingalinga, pa mtengo wa munthu amene waona kuti wogulitsa ali pa changu. A Mwale adabwerera ku pulena ya manja, ndipo chitseko chimene chinkatenga tsiku limodzi chidayamba kutenga atatu. Matabwa a khonde adapangira masitepe otsikira pakhomo lakuseri, ndi mabenchi amene adaikidwa mbali inayo, pa simenti, pamene alendo ndi antchito omwe amakhala. Makinawo adawatchingira ndi khola lachitsulo la mipata ikuluikulu, loletsa akuba kopa, lokhala ndi chitseko ndi loko. Kiyi wina adapatsidwa Yotamu.

Tsiku lomaliza a Mwale adamupeza akulongedza zida, napempha kuti awakhululukire. Yotamu adatseka bokosi asanayankhe.

"Ba Mwale, mwachita bwino kubwera. Ambiri sakanabwera. Koma nyumba yanga sindikwezanso chaka chino, ndalama ya simenti ija ndinadya pamene ndinkakhala pa geti. Musandipemphe kuti tiseke lero."

"Ndamva, mwana wanga."

Mvula ya chaka chimenecho idagwa, ndipo madzi adalowadi m'nyumba ya Yotamu. A Mwale ndi Dalitso adapita Loweruka lina atasenza zotsala za paini, nakweza bedi ndi kabati pa nsanja kuti mayi ndi khanda asagone pa chinyezi. Yotamu adawathandiza kugwira matabwa, adalankhula za ntchito yokha, ndipo pochoka adawaperekeza mpaka pamsewu wa Mumbwa.

Mu January mwini sitolo wina ku Matero adaitana a Mwale. Adali ndi mafiriji awiri aakulu a nkhuku ndi soseji, ndipo ankafuna kauntala yaitali yowazinga mbali zitatu, yogundana ndi khoma, kuti sitolo ioneke yaudongo. Mtengo wake ukadakwana lendi ya miyezi iwiri. Dalitso adakoka tepi, nagwada kuseri kwa firiji imodzi, naika dzanja pamene pamatulukira mpweya, nayang'ana amalume ake. A Mwale adatulutsa foni, adaimba, adaikweza mawu, naiika pamwamba pa firijiyo pakati pa iwo ndi mwini sitolo.

"Yotamu, ndine Mwale. Ndili ndi abwana pano, akumva. Akufuna nditseke mafiriji awiri m'kauntala. Uwauze wekha zimene ukuona."

Yotamu adafunsa mtundu wa mafirijiwo ndi mbali imene kompuresa ili. Adati kuseri ndi kumbali ya kompuresa kusatsekedwe, pakhale mpata woti mpweya uziyenda ndi woti firiji ikokedwe pokonza, apo ayi nkhuku zidzasungunuka ndipo magetsi adzadya phindu. Adawonjeza kuti akafuna abwere adzaone ndi maso, ulendo wake ndi K100.

Mwini sitoloyo adakanda mutu, adazungulira mafiriji ake kawiri, nati ndiye basi apange kauntala yaifupi yakutsogolo kokha, ya theka la mtengo uja. A Mwale adachotsa pensulo kukhutu, adatembenuza kapepala, nayamba kuwerenganso matabwa.